YUNIVESITE YA KU NGULUDI NDI CHUMA CHA M'MIDZI YA CHIRADZULU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu wochokera ku Limbe pa msewu wa Midima akapatuka pa mphambano ya ku Nguludi, sayenda mtunda wautali asanayambe kukumana ndi anyamata ndi asungwana onyamula mabuku. Amenewa ndiwo ophunzira a Catholic University of Malawi, sukulu ya ukachenjede imene Maepiskopi a Mpingo wa Katolika anaikhazikitsa m'chaka cha 2004, ndipo inatsegulidwa mwamwambo pa 28 October 2006 ndi Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Dr. Bingu wa Mutharika. Nyumba zimene sukuluyi inayambiramo ndi zija kale zinali za koleji ya aphunzitsi ya Montfort, kotero kuti aphunzitsi achikulire ambiri amene ali kuwerenga tsamba lino malowa ali kuwadziwa bwino.

Za mayeso ndi madigiri zimanenedwa kawirikawiri. Lero tifuna kukambirana ndi awerengi athu za mbali ina ya moyo wa pa yunivesite, ndiyo ya nyimbo, magule, masewero ndi kufufuza mbiri, pakuti mbali imeneyi ndiyo ionetsa ngati sukulu ili kudziwana ndi anthu amene yakhala pakati pawo kapena ili ngati mlendo wongogona.

Dzina la yunivesite si lachilendo kuno

Ambiri sadziwa kuti mawu akuti yunivesite anamveka m'boma la Chiradzulu kale kwambiri. M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie, moperekezedwa ndi Dr. David Livingstone, anamanga mishoni ku Magomero. Bungwe limene linamtuma linkatchedwa Universities' Mission to Central Africa, chifukwa linachokera ku mayunivesite a Oxford, Cambridge, Durham ndi Dublin. Ntchitoyo siinakhalitse. Nkhondo za ogula akapolo, njala ndi malungo zinaisokoneza, Bishopu anamwalira mu January 1862, ndipo anzake anachoka. Panapita zaka 145 kuchokera pamene dzinali linafika kufikira pamene yunivesite yeniyeni inatsegula zitseko zake m'boma lino.

Pakati pa zaka zimenezo panadza Mbusa John Chilembwe, amene anakaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia ku America, nabwerera m'chaka cha 1900 kudzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Iye anatsegula masukulu m'midzi, nalimbika kunena kuti munthu wakuda ayenera kuphunzira, kuvala bwino ndi kulemekezedwa. Ansembe a chipani cha Montfort nawonso anafika ku Nguludi m'chaka cha 1903. Pa nkhondo ya mu January 1915 mishoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo pambuyo pake asilikali a Boma la atsamunda anagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe. M'chaka cha 1926 Dr. Daniel Malikebu, mwana wa boma lomweli amene anaphunzira udokotala ku America, anadzatsegulanso mishoni ya Chilembwe. Malo awiriwa, Nguludi ndi Mbombwe, ali moyandikana, ndipo wophunzira wa mbiri ya dziko sasowa ndalama za ulendo kuti akaone ndi maso zimene anzake a kutali amangowerenga m'mabuku.

Komatu pano pali chinthu chofunika kuchilingalira. Mabuku awiri otchuka kwambiri ofotokoza mbiri ya dera lino analembedwa ndi alendo. Loyamba ndi Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, la m'chaka cha 1958. Lachiwiri ndi Magomero la Landeg White, la m'chaka cha 1987. Bambo White sanadalire makalata a m'maofesi okha ayi. Anakhala pansi ndi anthu a m'mudzi namva za thangata wa pa minda ya A. L. Bruce kuchokera pakamwa pa ana ndi adzukulu a amene anamlawa. Malemu D. D. Phiri anaonetsa kuti Mmalawi angathe kulemba yekha mbiri ya Chilembwe. Tsono ngati mlendo anatha kutola chuma chotere m'midzi yathu, wophunzira wodziwa chinenero ndi ulemu wa pamudzi angatole chochuluka motani?

Kalasi ikaweruka

M'makoleji a dziko lino moyo suthera m'kalasi. Madzulo ena amapita kukaphunzira nyimbo za kwaya, ena ku mpira, ena ku mabungwe a mapemphero kapena a mtsutso. Palinso chizolowezi cha masiku a chisangalalo amene ophunzira amawatcha social weekend, pamene oyimba otchuka a m'tauni amaitanidwa ndipo zimkuzamawu zimalira kufikira mbandakucha. Ife sitili kudzudzula zimenezi, pakuti mutu wogwira ntchito uyenera kupumula. Chimene tifunsa ndi ichi: pa nyimbo zonse zimene zimamveka pa masiku otere, ndi zingati zimene zichokera kuseri kwa mpanda wa sukulu, m'midzi imene amayi ake amagulitsa nthochi ndi chinangwa kwa ophunzira omwewo?

Mpingo umene uli mwini sukuluyi unayankha kale funso lofanana nalo. Kale m'matchalitchi ng'oma inkaonedwa ngati chinthu chachikunja, ndipo nyimbo zinali za Chilatini kapena zotanthauzidwa kuchokera ku Ulaya. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa zaka za 1962 mpaka 1965, unalamula kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zipatsidwe ulemu ndi malo oyenera pa mapemphero. Ndicho chifukwa chake lero ng'oma, visekese ndi nthungululu zimamveka pa Misa popanda wodabwa. Ngati ng'oma inaloledwa kufika pafupi ndi guwa, palibe chifukwa choiletsera kulowa m'chipinda chophunziriramo.

Phunziro lochokera ku Zomba

Yunivesite yoyamba ya dziko lino, imene inayamba kuphunzitsa ku Chichiri m'chaka cha 1965, itipatsa chitsanzo chabwino. Pa Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, ophunzira ndi aphunzitsi awo anayambitsa kagulu ka alembi m'chaka cha 1970. Ankakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kukonzerana zolemba zawo, ndipo m'kagulu kameneka munatuluka alakatuli odziwika kunja konse monga Jack Mapanje ndi Frank Chipasula. Panalibe digiri yoperekedwa chifukwa cha misonkhano imeneyi, koma dzina la Malawi linamveka nayo kutali.

Panalinso gulu la masewero loyendayenda, lotchedwa Travelling Theatre. Poyamba linkachita masewero a Chingerezi m'masukulu a sekondale, koma m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Dr. Christopher Kamlongera ndi David Kerr, linayamba kupita m'midzi ndi masewero a Chichewa. Ku midzi ya kufupi ndi Liwonde ophunzira ankayamba akhala ndi anthu ndi kumva mavuto awo a zitsime ndi ukhondo, kenaka n'kupanga sewero limene eni mudzi ankaloweramo ndi nyimbo zawo ndi maganizo awo. Ophunzirawo anapita kukaphunzitsa, koma anabwerako ataphunzira.

Tchopa ndi gitala

Nanga Chiradzulu ali ndi chiyani choti yunivesite itole? Choyamba ndi tchopa, gule wa Alhomwe, amene makolo awo ambiri analowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nakhala pa minda ya Azungu. Gule ameneyu amavinidwa pokondwerera zokolola kapena ulenje wabwino, ndiponso popereka nsembe kwa mizimu pa nthawi ya chilala ndi miliri. Ng'oma zimakhala zitatu zosiyana kukula, ovina amazungulira napingasana, atavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo ya zipangizo za kumunda, za ulenje ndi ziwiya zakale. M'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi gule wamkulu ndi vimbuza amene analembedwa kale. Koma kulembedwa ku Paris sikuphunzitsa mwana kuomba ng'oma. Ndiponso n'chodziwika kuti Alhomwe ambiri a masiku ano sayankhula Chilhomwe, kotero kuti mawu a nyimbo zina amayimbidwa ndi anthu osadziwa tanthauzo lake. Nkhalamba yodziwa kumasulira ikamwalira, tanthauzolo limalowa nayo m'manda.

Chachiwiri ndi oyimba a gitala. Bambo Giddes Chalamanda, a m'boma lomwe lino, anayimba zaka zambirimbiri m'misika ndi m'malo a chisangalalo ndi gitala lawo. M'chaka cha 2016 anakayimba ku America. M'chaka cha 2020 woyimba wachinyamata Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale, ndipo imodzi mwa izo, Linny Hoo, inafalikira pa TikTok kotero kuti pofika kumayambiriro kwa 2022 inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni, iwo atapitirira kale zaka 90. Dziko lonse linavina nyimbo ya ku Chiradzulu. Tiyenera kudzifunsa kuti ndi oyimba angati a luso lotere amene apita osajambulidwa, chifukwa panalibe wachinyamata wowayendera.

Pamene Hugh Tracey ankayendayenda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za makolo, ankanyamula makina olemera pa galimoto, ndipo zimene anajambula zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Lero wophunzira wonyamula foni m'thumba ali ndi chipangizo chotha kugwira ntchito yomweyo. Chosowa si makina, koma wowatuma ndi malo osungira zojambulazo.

Zimene zingachitike

Ife tiganiza kuti pali zinthu zitatu zosafuna ndalama zambiri. Choyamba, akuluakulu a masukulu a ukachenjede alimbikitse ophunzira a mbiri, a zinenero ndi a chikhalidwe cha anthu kuti kafukufuku wawo wa chaka chomaliza azimchita m'midzi yoyandikana nayo, atapempha chilolezo kwa mafumu, ndipo zojambulazo zisungidwe m'nyumba ya mabuku, zina zibwezedwe kwa eni ake. Chachiwiri, pa masiku a chisangalalo magulu a tchopa, manganje ndi magule ena aziitanidwa ndi kulipidwa monga alipidwira oyimba a m'tauni, osati kungopatsidwa nsima ndi kuthokozedwa. Chachitatu, ophunzira a zamalamulo athandize oyimba a kumudzi kumvetsa lamulo la umwini wa nyimbo la m'chaka cha 2016 ndi ntchito ya bungwe la COSOMA, kuti thukuta lawo lisadyedwe ndi ena.

Inu aphunzitsi a m'masukulu a pulayimale ndi a sekondale muli ndi gawo lalikulu, pakuti ndinu mudziwa kumene kuli nkhalamba zodziwa nthano ndi akatswiri a ng'oma. Inunso a m'maofesi a Boma, makamaka a za maphunziro ndi a za chitukuko cha m'midzi, ndinu mungalumikize sukulu ndi mafumu. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Akuluakulu amenewa alipo lero m'midzi yozungulira Nguludi, Mbombwe ndi Magomero, koma sadzakhalapo masiku onse, ndipo ntchito yowamvera iyenera kuyamba iwo akali ndi mawu.