Judo ku Ekurhuleni: Kugwetsana Kopanda Chidani

Ku Brakpan, mumzinda wa Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, kuli malo achisangalalo otchedwa Carnival City. Kwa zaka zambiri kampani ya EFC, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 2009, inkachititsira kumeneko mipikisano ya MMA, masewera ophatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana. Owonerera ambiri amakopeka ndi nkhonya, koma odziwa masewerawa amadikira pamene awiriwo agwirana, pakuti m'pamene luso la judo limaonekera.

Judo inayambitsidwa ndi Jigoro Kano ku Tokyo m'chaka cha 1882. Chinsinsi chake si mphamvu ayi. Katswiri amayamba wasokoneza kaimidwe ka mnzake, kenaka n'kumugwetsa pogwiritsa ntchito chiuno kapena mwendo. Akafika pansi amamupanikiza, kumupinda chigongono kapena kumufinya pakhosi kufikira atagonja. Popeza mu MMA savala jekete la judo loti agwirepo, amakoloweka mikono m'khwapa ndi m'khosi.

Luso limeneli latchukitsa ambiri. Ronda Rousey wa ku America anapata mendulo ya judo pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2008 asanakhale mayi woyamba kutenga lamba wa UFC. Naye Dricus du Plessis wa ku South Africa anayamba judo ali ndi zaka 5, nadzera ku EFC, ndipo anasunga lamba wa UFC kuchokera mu 2024 mpaka 2025.

Komabe phindu lalikulu la judo m'derali silili pa malamba. Mu May 2008, ziwawa zodana ndi obwera zinapha anthu 62 m'dziko la South Africa. Midzi ya ku Ekurhuleni monga Ramaphosa inakhudzidwa kwambiri, ndipo Amalawi ambiri anathawa n'kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Patapita zaka, bungwe loyendetsa judo padziko lonse la IJF, mothandizana ndi UNHCR, linayambitsa ntchito ya Judo for Peace ku Johannesburg, yomwe inafikanso ku Kempton Park. Cholinga chake n'chakuti ana a nzika ndi ana a othawa kwawo aziphunzira pamodzi.

Pachifukwa ichi, phunziro loyamba la judo n'lofunika kulilingalira. Mwana asanaphunzire kugwetsa ena, amaphunzira kugwa osavulala ndiponso kuweramira mnzake mwaulemu. Wogwetsa amagwirabe mkono wa wogwayo kuti mutu usamenye pansi, posatengera kuti kwawo ndi ku Tembisa, ku Lubumbashi kapena ku Mangochi.