Mphepo za Kutali Zimene Zimadzaza Mtsinje wa Luangwa ku Chama

Boma la Chama, kumpoto kwa chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, lili m'chigwa cha Luangwa, mtsinje umene umayambira m'mapiri a Mafinga n'kukathira mu Zambezi. Mvula ya m'derali, imene imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, imabwera ndi lamba wa mitambo wotchedwa ITCZ, amene ndi malo okumanirana mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera kwa dziko lapansi, pamene chinyezi chimakankhidwira m'mwamba n'kusanduka mitambo. Lambayu amatsatira dzuwa, ndipo akakhazikika pamwamba pa chigwachi kwa masabata angapo, uku akulandira mphepo yachinyontho yochokera ku Congo, nthaka imakhuta madzi, moti mvula yogwa m'mapiri imangotsetserekera m'mitsinje n'kukamiza minda ya mpunga ndi chimanga m'tsinde.

Mphamvu ya dzinja imadaliranso nyanja zakutali. Madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific akatentha mopitirira muyezo, nyengo yotchedwa El Niño, kummwera kwa Africa kumakonda kuchita chilala, monga mu 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lili pa ngozi. Madziwo akazizira, nyengo ya La Niña, mvula imakonda kuchuluka. Komabe El Niño yemweyo amawonjezera mvula ku Tanzania ndi Kenya, makamaka nyanja ya Indian ikatentha kumbali ya Africa, ndipo Chama ali pakati pa zigawo ziwirizi. N'chifukwa chake n'kulakwitsa koopsa kuganiza kuti chaka cha El Niño sichingabweretse madzi osefukira m'chigwachi, popeza mu Febuluwale 2007, m'dzinja la El Niño, Luangwa anasefukira kwambiri ku Mfuwe, kumunsi kwa chigwachi.

Madzi akalowa m'midzi amagwetsa zimbudzi n'kuipitsa zitsime, zomwe zimatsegula njira ya kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba, ndipo zithaphwi zotsalira zimaswa udzudzu wa malungo pa nthawi imene misewu yopita kuchipatala yaduka. Mlimi wa kwa Mfumu Kambombo kapena kwa Mfumu Chikwa m'boma la Chama sathandizidwa mokwanira ndi ulosi wonena za dziko lonse. Iye akufunika zida zoyezera madzi kumtunda kwa mtsinje, ndi chenjezo la nthambi ya zanyengo lofika pa wailesi m'chinenero cha m'derali cha Chisenga madziwo asanatsike.