Chamba chololedwa ku Mashonaland: tsiku lodula amasankha ndani?

Mu May 2022, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa wa ku Zimbabwe anapita ku Mount Hampden, kunja pang'ono kwa mzinda wa Harare, kukatsegulira munda ndi fakitale ya chamba chamankhwala ya kampani ya Swiss Bioceuticals. Panamveka kuti ntchitoyo yadya madola 27 miliyoni a ku America. Dera lake ndi lomwelo kumene kwamangidwa Nyumba ya Malamulo yatsopano ya dzikolo, kotero opanga malamulo ndi mbewu imene malamulowo akhala akuithamangitsa kwa zaka zambiri tsopano akhala moyandikana.

Zimbabwe inavomereza ulimi wa chamba chamankhwala ndi chakafukufuku mu April 2018, Lesotho itatsogola kale mu 2017. Mu October 2019 bungwe la Zimbabwe Industrial Hemp Trust, lotsogozedwa ndi dokotala wa mano Zorodzai Maroveke, linafesa mbewu yoyamba yololedwa ya chamba chamafakitale. Malo ake anali munda wa ndende ya Harare Central, poti kumeneko mpanda ndi alonda zinalipo kale. Koma wina asamve molakwa: munthu wamba wodzala mitengo iwiri ya mbanje kuseri kwa bafa popanda chiphaso akupalamulabe mlandu wopita nawo kundende, ku Zimbabwe ngakhalenso kuno kwathu ku Malawi.

Pamiyambo yodula riboni amakamba za madola ndi misika ya ku Ulaya. Sakamba za funso limene limagonetsa mlimi ndi nsapato kumapazi mbewu ikayamba kucha: kodi tidule lero kapena tidikireko? Pa chamba, masiku ochepa okha amasiyanitsa katundu wodula ndi zinyalala, ndipo pa chamba chamafakitale amathanso kusiyanitsa munda wololedwa ndi munda woti auwotche.

Mashonaland, kumene kuli Mount Hampden, si dera losowa anthu odziwa kuwerenga tsamba. Mapulazi a fodya a ku Trelawney, Banket, Mvurwi, Centenary, Karoi ndi Marondera anakula ndi thukuta la anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena ankayenda wapansi kudzera ku Tete, ena ankakwera malole a Ulere, enanso analembedwa ndi Mthandizi kuyambira mu 1946. Ambiri anatchona. Zidzukulu zawo zikadali m'makomboni a m'mapulazi amenewo, zikuyankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, ndipo Gule Wamkulu akutulukabe kumeneko.

Chimene mabanja amenewa akhala akusiyirana, kupatula gule, ndi diso la fodya. Wothyola fodya wozolowera safunsa kalendala. Amadziwa kuti fodya amayamba kukhwima pansi, ndiye amathyola masamba awiri kapena atatu pa ulendo umodzi n'kudzabweranso sabata inayo. Amaona kubiriwira kukuzirala, msana wa tsamba ukuyera, tsambalo likulekana ndi phesi n'kuweramira pansi. Akaligwira limathyoka mosavuta, ndi kaphokoso. Lanthete limakanirira, ndipo m'balani limatuluka lobiriwira, ku okushoni n'kukagwa mtengo. Munthu wotere mukamuika m'munda wa chamba sayambira pa ziro, komabe ayenera kuphunzira kuchotsa maso patsamba, chifukwa chuma cha mbewuyi chili pangala.

Chamba chili ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi. Wolima chamankhwala amafuna yaikazi yokha, ndipo yaimuna amaizula isanamwaze mungu, pakuti ngala ikalandira mungu mphamvu zake zimathera kunjere. Ngala yaikazi imatulutsa timaubweya toyera, tonga ndevu za chimanga, ndipo monga ndevuzo, timayamba toyera kenako timafiira n'kupindika. Ambiri amayambira pamenepa: timaubweya tambiri tikafiira, nthawi yayandikira. Koma chizindikirochi chimanama. Mphepo yotentha, mvula yamphamvu, ngakhale manja a munthu wokonda kugwiragwira zingathe kufiiritsa timaubweyato ngala isanakhwime.

Mboni yodalirika ndi utomoni. Mukayang'ana ngala ndi galasi lokuza zinthu, ngati la okonza mawotchi, mumaona kuti chimene chimaoneka ngati fumbi lonyezimira ndi timitu tozungulira tambirimbiri, kalikonse kali pakaphesi kake. M'timitu timeneti ndi mmene mumapangidwa THC, imene imaledzeretsa, CBD, imene ogula ambiri a mankhwala amaifuna, ndi mafuta opereka fungo. Poyamba timitu timakhala toonekera mkati, tambee. Pakapita masiku timachita mbuu, ndipo apa ndi pamene mphamvu yafika pachimake. Kenako timasanduka tachikasu chodera, kusonyeza kuti zina mwa zimene zili mkatimo zayamba kuwonongeka. Alimi ambiri amadula timitu tochuluka tili tambuu, tochepa titayamba kudera. Amayang'ana pangala penipeni, osati patimasamba tozungulira ngalayo, poti ito timafulumira kusintha. Ndipo ngala zakunsonga, zolandira dzuwa lambiri, zimatsogola kucha, zam'munsi zimatsalira. Apa wafodya amamwetulira, chifukwa kukolola mtengo umodzi maulendo angapo ndi ntchito yake yakale, kungoti fodya amayambira pansi pomwe chamba chimayambira pamwamba.

Kufika apa nkhani ikadakhala ya diso ndi galasi basi. Koma wolima chamba chamafakitale ali ndi woweruza wachitatu amene salowa n'komwe m'munda. Malamulo a mu 2020, amene anapereka udindo woyang'anira mbewuyi ku Agricultural Marketing Authority, anatsata muyezo wofala padziko wakuti THC isapitirire 0.3 peresenti. Nambala imeneyi inachokera mu kafukufuku amene Ernest Small wa ku Canada ndi mnzake Arthur Cronquist anasindikiza mu 1976 pofuna kusiyanitsa mitundu ya mbewuyi. Iwo sankalemba lamulo, koma maboma anaitola nambalayo n'kuisandutsa malire a mlandu.

Vuto lake ndi lakuti mtengo sudziwa malire amenewa. M'mitundu yolimidwira CBD, zinthu ziwirizi zimakwera limodzi ngala ikamacha: pa magawo 20 mpaka 30 a CBD pamabwera gawo limodzi la THC. Mlimi akadikira kuti CBD ichuluke, katundu akhale wa mtengo wabwino, THC nayo ikukwawa kulunjika kumalire. Akadula msanga, wapulumuka kulamulo koma wagulitsa chanthete. N'chifukwa chake masabata omaliza mlimi wanzeru amathyola ngala zingapo m'malo osiyanasiyana a munda n'kutumiza ku labotale, osati kamodzi kokha. Ku America lamulo la mu 2021 limati woyeza akatenga ngala zokayeza, munda uyenera kudulidwa pasanathe masiku 30, kuopa kuti zimene zayezedwa zingasiyane ndi zimene zakololedwa.

Mu 2023 Zimbabwe inakweza malirewo kufika pa 1 peresenti, muyezo umene Malawi ndi Switzerland amagwiritsanso ntchito. M'kuona kwanga, pa zonse zimene boma la Harare lachita pa mbewuyi, ichi ndicho chothandiza mlimi mwachindunji, kuposa maphwando onse otsegulira mafakitale. Chimamupatsa mpata woti ngala iche. Chotsala n'chakuti wogula wakunja amatsata lamulo la kwawo, ndipo mayiko ambiri a European Union akadali pa 0.3, choncho tsiku lodula nthawi zina limalembedwa mu kontirakiti mbewu isanamere.

Dzuwa nalo lili ndi mawu ake. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera chilimwe cha kumeneko, kumene kumawala maola 15 kapena 16 patsiku. Mashonaland ili pafupi madigiri 17 kummwera kwa equator, ndipo tsiku lalitali kwambiri, mu December, limangopitirira pang'ono maola 13. Mbewu ya ku France kapena ku Poland ikafesedwa ku Mazowe imaona ngati nyengo yozizira yayandikira kale, ndiye imathamangira kuchita maluwa ikadali yofupika. Kalendala yolembedwa papaketi ya mbewu imakhala yopanda ntchito. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la kafukufuku wa fodya la Kutsaga, lomwe lakhalapo kuyambira mu 1950, linapatsidwira ntchito yoyesa mitundu yoyenera nyengo ya dzikolo. Makampani a chamba chamankhwala amalizemba vutoli polima m'nyumba zapulasitiki, mmene amawonjezera kuwala ndi magetsi kapena kutchinga ndi nsalu zakuda. Magetsiwo, m'dziko limene kuzima kwake kumatha maola ambiri patsiku, ndi nkhani ina.

Wolima pamtetete amalimbana ndi mvula. Ku Mashonaland imagwa kuyambira November mpaka March, ndipo ngala yothithikana ikanyowa masiku otsatizana, chuku chimayambira mkati, pafupi ndi phesi, kunja kukuoneka bwinobwino. Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi katsamba kamodzi kofota pakati pa ngala yathanzi. Mukakakoka kamazuka kopanda kulimba, ndipo mukatsegula mupeza mwaola motuwa. Zikatero palibe zodikira timitu. Mwayi wa derali ndi April ndi May, pamene kumwamba kumayera, usiku kumazizira, mpweya n'kuuma. Amene wawerengera bwino kuti mbewu yake iche nthawi imeneyo wachita theka la ntchito yowumitsa.

Pa kuwumitsa m'pamene luso la fodya lingathe kusocheretsa munthu. Mabalani a njerwa ali ponseponse m'mapulazi, ndipo aliyense angaganize kuti malo alipo kale. Koma balani ya fodya wa fuluu ndi nyumba ya moto. Kutentha kumayambira pafupi ndi madigiri 35 kuti tsamba lichite chikasu, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 70 kuti msana uume, zonse m'sabata imodzi. Ngala ya chamba mukaichita zimenezo mwaipha: mafuta afungo amauluka, ndipo kutentha kumasintha mankhwala ali m'timitu tija. Chimene imafuna ndi mdima, mpweya woyenda mofatsa, kuzizirira kwa madigiri 15 mpaka 21, ndi chinyezi chapakatikati, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kunena zoona, mlimi wa bale wa ku Kasungu kapena Mchinji, amene amayanika fodya wake pamikangala m'chigafa popanda moto, ali pafupi ndi njira imeneyi kuposa katswiri wa balani wa ku Trelawney.

Ikauma mofulumira, kunja kumachita gwaa mkati mukadali madzi, ndipo ikalowa m'thumba chinyezicho chimatuluka n'kuitana chuku. Ikachedwa, chuku chimaipezera pomwepo pachingwe. Muyeso wamanja ndi kupinda kanthambi kakang'ono: kakangopindika, sikanafike, kakathyoka n'kulira, yauma. Fakitale imafuna nambala, pafupifupi 10 mpaka 12 peresenti ya chinyezi, ndipo wogula mankhwala ku Germany amayezanso chuku, tizilombo ndi zotsalira za mankhwala ophera mbozi. Njira yakale ya ku Nkhotakota, yokulunga ngala zolimba m'makoko a nthochi kuti zivundikire, imene inatchukitsa Malawi Gold kunja, singadutse pa muyeso wotere, ngakhale osuta aitame chotani.

Wolimira luzi kapena njere ali ndi mawerengedwe ena. Waluzi amadula msanga, maluwa akangoyamba, phesi lisanakokote, n'kulisiya pansi kuti mame alifewetse khungwa lisiyane ndi mtima. Wanjere amadikira kuti zambiri zilimbe n'kuchita mawanga, koma osati zonse, chifukwa zoyamba kucha zimayoyoka ndipo mbalame sizichedwa kumva.

Tsono amene ali ndi diso lija ali kuti m'nkhaniyi? Chiphaso cha chamba chamankhwala chinaikidwa pa madola 50,000 mu 2018, osawerengera mpanda, makamera, alonda ndi nyumba zapulasitiki. Pofika mu 2022 ziphaso 57 zinali zitaperekedwa, koma amene anayambadi ntchito anali ochepa. Chiphaso cha chamba chamafakitale n'chotsika mtengo kwambiri, komabe chimafuna munda, ndipo apa m'pamene pamagona nkhani ya zidzukulu za machona. Pamene mapulazi a azungu ankalandidwa kuyambira mu 2000, antchito a m'makomboni amene anagawiridwa malo anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko limene anabadwiramo, ndipo ngakhale malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulira khomo obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, chitupa sichibwera ndi munda. Mbewu yatsopanoyi ikawapeza, imawapeza ngati aganyu: ozula mitengo yaimuna, odula ngala, osadza timasamba ndi sizasi atavala magolovesi ndi zophimba kumutu.

Kwathu kuno sitingawaseke. Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu February 2020, patapita zaka kuchokera pamene phungu Boniface Kadzamira anaidzutsa nkhaniyi mu 2015 anzake n'kumuseka, ndiponso kampani ya Invegrow itayesa mbewu ku Chitedze. Mitengo ya ziphaso itatuluka, kulima chamankhwala kunali madola 10,000 ndipo chamafakitale madola 2,000. Alimi ang'onoang'ono analangizidwa kulowa m'makopaletivi kuti asonkherane, ndipo ena mwa amene anatero anakolola n'kusowa kogulitsa.

Fodya ndiye akulamulabe ku Mashonaland: mu 2023 Zimbabwe inagulitsa makilogalamu 296 miliyoni, ambiri ochokera kwa alimi ang'onoang'ono olima pa kontirakiti. Njira yomweyo, yoti kampani yokhala ndi chiphaso ndi labotale ipereke mbewu, iyeze ngala, igule zokolola, ndiyo ikuoneka kuti ingafikitse chamba chamafakitale kwa mlimi wa mahekitala awiri. Koma alimi a fodya akudziwa kale mmene kontirakiti imathera ngongole ya feteleza ndi nkhuni ikadulidwa. Pa chamba padzafunikanso kulemba momveka kuti munda ukayezedwa n'kupezeka wadutsa 1 peresenti, woluza ndani: mlimi amene anachedwa kudula, kapena kampani imene inamupatsa mbewuyo ndi kumuuza tsiku.