Mayi woyembekezera ndi X-ray: nenani msanga, musathawe chithandizo

Mayi woyembekezera akauzidwa kuti akajambulidwe kuchipatala, nkhawa yake imakhala pa mwana amene ali m'mimba. Nkhawayi ndi yomveka, koma isamubwezere kunyumba asanathandizidwe.

Kujambula kulipo kwa mitundu ingapo. Sikani ya kusikelo imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso lomwe khutu silimva, ndipo ilibe cheza chovulaza mwana. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti mayi apange sikaniyi mimba isanakwane masabata 24. X-ray ndi CT scan ndiye zimatulutsa cheza cholowa m'thupi, chomwe chikachuluka chimatha kuwononga ziwalo zimene zikungopangika kumene.

Nkhani yagona pa kuchuluka kwa chezacho. Akatswiri amachiyeza mu mGy, ndipo kupita padera kapena kulumala kwa mwana sikuyembekezeka chezacho chikakhala chosafika 50 mGy. X-ray ya pachifuwa imafikitsa kwa mwana cheza chosakwana 0.01 mGy. CT scan ya pamimba kapena m'chiuno ndiyo imapereka chochuluka, ndipo ingawonjezere pang'ono chiopsezo cha khansa mwanayo akamakula. N'chifukwa chake madokotala amayamba aona ngati pali njira ina. Masabata 15 oyambirira ndiwo ofunika kusamala kwambiri, pomwe amayi ena amakhala asanazindikire n'komwe kuti aima.

Choncho, kaya muli pa chipatala cha St Peter's kuno ku Likoma, kaya mwawoloka nyanja pa Ilala kupita ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, uzani wojambula musanalowe m'chipinda kuti ndinu oyembekezera, kapena kuti mwadumphitsa msambo. Tengani buku lanu la kuchipatala kuti asabwereze chithunzi chomwe munajambulidwa kale. Ngati mwaperekeza wodwala, dikirani panja.

Dokotala akanena kuti X-ray ikufunika, monga pofufuza chifuwa chachikulu cha TB, chibayo kapena fupa lothyoka, musakane. Matenda osadziwika ndi osachizidwa amaika mayi ndi mwana pachiswe kuposa chithunzi chimodzi. Amene munajambulidwa musanadziwe kuti muli ndi pakati, musataye mtima, kafotokozeni kusikelo.

Abambo, mafumu ndi alangizi a zaumoyo pa Likoma ndi Chizumulu, tiyeni tifikitse uthengawu m'midzi yathu yonse.