Motoka ikayamba kulila mutaikonza panyumba, yambani mwaona shafiti

Motoka zing'onozing'ono zambili zimene zili pa miseu ya Zambia, monga Toyota Corolla, Vitz ndi Spacio zocokela ku Japan, zimakokedwa ndi mawilo a kutsogolo. Corolla inayamba kupangidwa mwa njila imeneyi mu 1983. Mphamvu ya injini imafika ku mawilowo kupitila m'mashafiti awili, ina kumanzele ina kumanja, ndipo shafiti iliyonse ili ndi mfundo ziwili zimene amakanika amazicha CV joint: ina pafupi ndi giyabokosi, ina pafupi ndi wilo.

Eni motoka ambili amasintha okha shafiti, ma shock kapena ball joint pofuna kusungako ndalama. Koma nthawi zina nchito ikatha, motoka imayamba phokoso limene kunalibe, ndipo mwiniwake amathamangila kuimba mlandu wogulitsa masipeya. Kawili-kawili colakwa sicikhala cipangizo cimene cagulidwa, koma mmene caikidwila.

Malo oyamba kuona ndi pamene shafiti imalowela m'giyabokosi. Kumapeto kwake kuli kamphete ka waya kamene kayenela kukodwa m'kati, ndipo kakakodwa kamamveka kuti "khe". Kakapanda kukodwa, motoka imayenda bwino-bwino kwa kanthawi, kenako pokhota kapena pogunda dzenje shafiti imasolomoka. Injini imalila, giya ili m'malo, koma motoka siisuntha, ndipo pansi pamadontha mafuta. Kuti mutsimikize, gwilani cigoba ca mfundo ya m'kati, osati shafiti yeniyeniyo, ndi kucikoka ndi manja. Siciyenela kutuluka. Yelekezelaninso mpata wotsala pamenepo ndi wa mbali inayo.

Apa pali ngozi imene oyendetsa motoka za otomatiki ambili saidziwa. Shafiti imodzi ikasolomoka, giya ya P siigwilanso motoka. Giya imeneyi imatseka giyabokosi cabe, koma difu, imene nchito yake ndi kulola mawilo awili kuzungulila mosiyana pokhota, imasiya wilo linalo kuyenda momasuka. Motoka yoimikidwa potsetseleka ingathe kuyamba kuyenda yokha, ana ali m'kati kapena kumbuyo kwake. Kokani handibuleki ndi kuika mwala ku tayala musanatuluke kukaona cimene cacitika.

Vutoli limabwela ngakhale kwa munthu amene sanakhudze shafiti. Pocotsa shock, cigawo cogwila wilo cimapendekekela kunja ndi kukoka mfundo ya m'kati kufikila itaguluka. Ndiye cifukwa cake amakanika odziwa nchito amacimanga ndi waya asanamasule mabauti.

Kenako pali nati yaikulu ya pakati pa wilo. Nati imeneyi siigwila shafiti yokha, imapanikizanso belingi ya wilo kuti ikhale pa muyeso wake. Pa Corolla zambili muyeso womangila ndi 216 Nm, ndipo umapimidwa ndi sipana yopima mphamvu. Kuimilila pa paipi yoikidwa ku sipana si kupima. Munthu wolemela amamanga mopitilila, wopepuka amapeleweza. Nati ikacepa mphamvu belingi imatha msanga, ndipo mumamva kulila kwa "wuuu" kumene kumakula pamene liwilo likukwela. Belingi imaonongekanso ngati motoka ikankhidwa pa matayala ake natiyo isanamangidwe. Nati yakale siyenela kubwezeledwa, ndipo yatsopano iyenela kukhomedwa m'mphepete kapena kuikidwa pini kuti isamasuke.

Khutu limathandiza kusiyanitsa matenda. Phokoso la "kha-kha-kha" pokhota mwapang'onopang'ono, sitelingi itapindidwa mpaka kumapeto, limacokela ku mfundo ya kunja. Mfundo imeneyi, imene injiniya wa kampani ya Ford, Alfred Rzeppa, anaitulukila m'zaka za m'ma 1920, nthawi zambili imakhala ndi timipila tacitsulo 6 toyenda m'tinjila take, ndipo tinjilato tikadyeka m'pamene kulilako kumayamba. Kunjenjemela kumene kumabwela mukaponda mafuta ndi kuleka mukacotsa phazi kumaloza ku mfundo ya m'kati.

Cimene cimateteza mfundo zonsezi ndi labala yopindika-pindika yosunga gilizi. Ngati m'kati mwa wilo mwamwazika gilizi wakuda, labalayo yang'ambika kapena zomangila zake sizinagwile. Waya wamba sakwanila kulowa m'malo mwa zomangila zacitsulo. M'nyengo ya mvula, kuyambila November kufika April, madzi a matope amalowa ndi mcenga umene umadya citsulo mofulumila. Labala yatsopano pa mfundo imene yayamba kale kulila siicilitsa kanthu, ingobisa cilonda.

Mafuta odontha pamene shafiti ili m'malo mwake amasonyeza kuti silo ya giyabokosi inang'ambika polowetsa. Isintheni ndi kuonjezela mafuta amene anatayika. Nyali ya ABS ikayaka, welengani mano a mphete ya pa mfundo ya kunja, pakuti ayenela kufanana ndi a yakale. Shafiti ya kumanzele ndi ya kumanja zimasiyana utali, ndipo za motoka ya manyuwo nthawi zina sizilingana ndi za otomatiki, conco ndi bwino kuika yakale ndi yatsopano pambali-pambali musanamange.

Poona zonsezi, musalowe pansi pa motoka yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njelwa. Ikani zocilikiza zacitsulo pa malo olimba. Mukatha, yesani motoka pabwalo lopanda anthu, mukukhota mbali zonse ziwili, musanalowe mu mseu waukulu. Shafiti ikasolomoka kaciwili mutasintha kamphete, mwina mano a m'kati mwa difu adyeka, ndipo motokayo iyenela kukokedwa kupita ku galaji, osati kuyendetsedwa.