Makhonsolo a ku Japan ndi Katundu wa Ukalamba

Pa maiko onse akuluakulu a dziko lino lapansi, palibe limene lili ndi okalamba ambiri poyerekeza ndi chiŵerengero cha anthu ake kuposa Japan. M'chaka cha 2023, anthu 29 mwa anthu 100 alionse kumeneko anali a zaka 65 kapena kuposerapo. Zifukwa zake nziŵiri: anthu akukhala ndi moyo nthaŵi yaitali, ndipo ana obadwa akucheperachepera. Kumidzi vutoli lakula koposa, pakuti achinyamata amathamangira ku Tokyo ndi ku Osaka kukafuna ntchito. M'mudzi wa Nanmoku, m'chigawo cha Gunma, kalembera wa 2020 anapeza kuti okalamba anali oposa 60 mwa anthu 100 alionse. Tsono funso limene tifuna kulisanthula pano ndi ili: kodi khonsolo yaing'ono, imene okhoma msonkho ake akutha, ingasamale bwanji nkhalamba zochuluka chotere payokha?

Kalekale ntchito yosamala makolo okalamba inali ya banja, makamaka ya mkazi wa mwana wamwamuna wachisamba. Koma pamene mabanja anachepa ndi kubalalika, okalamba ambiri anayamba kugonera m'zipatala miyezi ndi miyezi, osati chifukwa cha matenda, koma chifukwa chosoŵa wowadyetsa ndi kuwasambitsa kunyumba. Pofuna kuthetsa zimenezi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la inshuwaransi ya chisamaliro mu 1997, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2000. Munthu aliyense wofika zaka 40 amayamba kusonkha. Wolandira chithandizo amalipirako gawo laling'ono, kaŵirikaŵiri 10 pa 100. Zotsalazo, theka limachokera ku zosonkhazo ndipo theka lina ku misonkho ya boma. Udindo woyendetsa zonsezi unaikidwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda, matauni ndi midzi.

Apa ndi pamene panagona vuto. Munthu asanalandire chithandizo, pamafunika gulu la madokotala, anamwino ndi akatswiri a chisamaliro kuti liŵeruze kukula kwa kusoŵa kwake, motsata masitepe asanu ndi aŵiri amene akhalapo kuyambira mu 2006. Mudzi wa kumapiri wokhala ndi dokotala mmodzi sungathe kupanga gulu lotere. Komanso thumba la ndalama la anthu oŵerengeka silichedwa kuuma: okalamba angapo akadwala kwambiri chaka chimodzi, zosonkha za mudzi wonse zimakwera. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo makhonsolo ang'onoang'ono anaona okha kuti denga limeneli lawalemera.

Njira inali itakonzedwa kale. Mu 1994 lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa kuti lilole makhonsolo kupanga chimene Ajapani amachitcha kōiki rengō, ndiye kuti mgwirizano wa dera lalikulu. Khonsolo iliyonse imakhalabe ndi dzina lake, malire ake ndi mtsogoleri wake, koma imapereka ntchito imodzi kapena zingapo ku bungwe la onse, limene lili ndi nyumba yake ya aphungu, mkulu wake ndi chuma chake. Chitsanzo chodziŵika ndi cha chigawo cha Fukuoka, kumene makhonsolo oposa 70 anagwirizana mu 1999 kuti ayendetse inshuwaransi ya chisamaliro pamodzi. Anaphatikiza ndalama, akatswiri ndi alembi, kotero kuti nkhalamba ya m'mudzi wosauka inayamba kuŵeruzidwa ndi muyeso womwewo umene inaŵeruzidwa nawo ya m'tauni.

Mu 2008 boma linapita patsogolo. Linakhazikitsa dongosolo lapadera la zachipatala la anthu a zaka 75 ndi kuposerapo, ndipo nthaŵi imeneyi silinasiye kuti makhonsolo asankhe okha: m'chigawo chilichonse mwa zigawo 47 za dzikolo, makhonsolo onse analamulidwa kuloŵa mu mgwirizano umodzi. Mgwirizanowo ndiwo umaika mlingo wa zosonkha zaka ziŵiri zilizonse ndi kulipira zipatala, pamene khonsolo imatolera ndalamazo ndi kulandira anthu pa ofesi yake. Pafupifupi theka la ndalama limachokera ku misonkho, magawo anayi pa khumi kwa anthu amene akali pa ntchito, ndipo gawo limodzi kwa okalamba eni ake.

Tisaganize kuti zonse zinayenda bwino. Okalamba ambiri anakwiya mu 2008 poona kuti zosonkha zikudulidwa ku penshoni yawo asanaigwire m'manja, ndiponso anamva ngati apatulidwa kwa anthu anzawo monga katundu wolemetsa. Ku Fukuoka nako kunabuka kudandaula: makhonsolo amene anthu ake sankagwiritsa ntchito chithandizo kwambiri anafunsa chifukwa chimene ankasonkhera mofanana ndi amene ankachigwiritsa ntchito kwambiri, mpaka makhonsolowo anagaŵidwa m'magulu atatu osonkha mosiyana. Chinanso nchakuti aphungu ndi akulu a migwirizano imeneyi amasankhidwa ndi atsogoleri anzawo, osati ndi anthu wamba, motero munthu wodandaula sadziŵa bwino khomo loti agogode.

Panalinso njira ina imene boma linalimbikitsa, ndiyo kuphatikiza makhonsolo kukhala amodzi. Mu 1999 analipo 3,232. Pofika mu 2010 anatsala 1,727. Ndalama zina zinapulumuka, koma m'madera ambiri ofesi ya khonsolo inasamukira kutali, ndipo wokalamba amene sathanso kuyendetsa galimoto anasanduka mlendo m'boma lake lomwe. Nchifukwa chake dzikolo tsopano likugogomeza kuti chipatala, chisamaliro ndi thandizo la tsiku ndi tsiku zizipezeka pa mtunda wosapitirira ulendo wa mphindi pafupifupi 30 kuchokera pakhomo pa wokalambayo.

Amene anaŵerenga kalata ya Papa Pius XI ya 1931, Quadragesimo Anno, aona kuti nkhaniyi ikukhudza mfundo yake yakuti gulu lalikulu lisalande ntchito imene gulu laling'ono lingathe kuichita bwino, koma lilithandize pamene lalephera. Zimene zachitika ku Japan zikutionetsa pamene malire ake angagwere. Ndalama, akatswiri ndi kaundula zimalimba zikasonkhanitsidwa pa dera lalikulu. Koma kudziŵa kuti gogo uja wa kuseri kwa phiri sanatsegule chitseko masiku aŵiri, imeneyo ndi ntchito ya oyandikana naye ndi ya khonsolo ya kwawo, ndipo palibe mgwirizano wa dera lalikulu umene ungaigwire m'malo mwawo.