JÁCHYMOV: CHIGWA CHIMENE CHIDABALA DOLA

Tonsefe dzina la dola timalidziwa. Ngakhale mwana wa ku pulayimale akhoza kukuuzani kuti ndi ndalama ya ku America. Koma kodi ndi angati mwa ife, awerengi okondedwa, amene adamvapo kuti dzinali lidachokera m'kachigwa kena ka m'mapiri a dziko la Czech ku Ulaya? Nanga ndi angati akudziwa kuti likukhudzana ndi Yoakimu Woyera, bambo wake wa Amayi Maria, amene timamukumbukira pamodzi ndi Anna Woyera pa 26 Julaye? Malowo amatchedwa Jáchymov. Ali pafupi ndi malire a Germany, makilomita ngati 20 kuchokera mumzinda wa Karlovy Vary, m'munsi mwa phiri la Klínovec lotalika mamita 1,244. Lero kumakhala anthu osakwana 3,000, koma mbiri yake ndi yaikulu kuposa ya mizinda yambiri.

SILIVA NDI NDALAMA

Poyamba malowa adali kamudzi kosadziwika kotchedwa Konradsgrün. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1516 pamene mwini dera, Stephan Schlick, adayambitsa ntchito yokumba siliva amene adapezeka m'chigwamo. Mbiri itamveka, anthu a m'migodi adakhamukirako kuchokera ku Saxony, tsidya lina la mapiri. Popeza ambiri ankalankhula Chijeremani, mudziwo adautcha Joachimsthal, kutanthauza Chigwa cha Yoakimu. Pofika m'zaka za m'ma 1530 anthu adakwana pafupifupi 18,000, ndipo m'dziko lonse la Bohemia ndi Prague yekha amene adali wamkulu kuuposa.

Cha m'ma 1520 banja la Schlick lidayamba kusula ndalama zikuluzikulu za siliva, iliyonse yolemera magalamu ngati 29, zokhala ndi chithunzi cha Yoakimu Woyera mbali imodzi ndi mkango wa Bohemia mbali inayo. Amalonda adazikonda chifukwa siliva wake adali wodalirika. Dzina lake lidali Joachimsthaler, koma pakamwa pa anthu a pamsika lidafupika n'kukhala thaler. Adatchi ankati daalder, Angerezi n'kumati dollar, ndipo mu 1792 dziko la United States lidakhazikitsa mwalamulo dzinali pa ndalama yake. Banja la Schlick silidadyerere nthawi yaitali, pakuti mu 1528 Mfumu Ferdinand I idawalanda ufulu wosula ndalama.

M'masiku a chumawo mudafika sing'anga wina wophunzira kwambiri, Georgius Agricola, mu 1527. Iye sankangopereka mankhwala ayi. Ankacheza ndi anthu a m'migodi, kufunsa ndi kulemba zonse zimene ankaona. Buku lake lachilatini, De re metallica, lidatuluka mu 1556 mwini wake atamwalira kale, ndipo lidakhala buku lalikulu la za migodi kwa zaka pafupifupi 200.

Koma siliva sabereka ngati ng'ombe. Zaka 100 zisanathe miyala yabwino idachepa ndipo anthu adayamba kubalalika. Kenaka idabwera nkhondo ya zaka 30, kuyambira 1618 mpaka 1648. Anthu ambiri a m'chigwachi adali a mpingo wa Lutheran, ndipo olamulira atalamula kuti onse akhale Akatolika, mabanja ambiri adasankha kuwoloka malire kupita ku Saxony. Mzinda udafota n'kusanduka ngati mudzi.

MWALA WAKUDA

Pokumba siliva, anthu ankakumana ndi mwala wina wakuda, wolemera, umene ankautaya pambali. Adautcha Pechblende, ndipo ankauona ngati chizindikiro chakuti siliva watha. Chinanso n'chakuti amuna ambiri a m'migodi ankafa asanakalambe ndi nthenda ya m'chifuwa imene ankaitcha matenda a m'phiri. Padapita zaka mazana madokotala asanazindikire kuti idali khansa ya m'mapapo, ndipo kuti gwero lake lalikulu ndi mpweya wa radon wotuluka m'miyala yomweyo. Mpweyawu suoneka, sununkha, koma munthu akamaupuma zaka zambiri m'malo otsekeka umawononga mapapo pang'onopang'ono.

Mwala wotayidwa uja udadzapeza ntchito. Muli uranium, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1850 ku Jáchymov ankapanga nawo utoto wachikasu ndi wobiriwira wokongoletsera magalasi. Zotsalira za ku fakitaleyo ndi zimene Marie ndi Pierre Curie adaitanitsa ku Paris. Mu 1898 adalengeza kuti apeza polonium ndi radium. Kuti apeze kachidutswa ka gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu la mchere wa radium, adatereka ndi kusefa matani a zotsalirazo mpaka 1902. Radium idayamba kugwiritsidwa ntchito pochiza khansa, ndipo mu 1906 ku Jáchymov kudatsegulidwa malo oyamba pa dziko lonse osambitsirako odwala m'madzi okhala ndi radon. Hotela yaikulu ya Radium Palace idatsegulidwa mu 1912. Taonani zodabwitsa: mpweya womwe unkapha okumba pansi, pamwamba olemera ankaulipirira ndalama.

ZAKA ZA MISOZI

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu olankhula Chijeremani adathamangitsidwa m'derali, ndipo boma la Czechoslovakia lidapangana ndi Soviet Union kuti uranium wa ku Jáchymov azipita kumeneko. Ankafunika popanga mabomba a atomiki. Chipani cha Chikomyunizimu chitalanda boma mu 1948, antchito otchipa adapezeka msanga: akaidi. Kuyambira 1949 mpaka 1961 anthu zikwizikwi adadutsa m'misasa yozingidwa ndi waya waminga. Ambiri mlandu wawo udali wa ndale basi. Mudali alimi okana kupereka minda, asilikali akale, ophunzira, a Scout ndiponso ansembe.

Misasa ina idatenga maina okoma a migodi: Svornost, Rovnost ndi Bratrství, ndiye kuti Umodzi, Kufanana ndi Ubale. Koma m'katimo mudali njala, kuzizira ndi zikwapu. Malo oopsa koposa adali ku Vykmanov, pafupi ndi Ostrov, kumene kuli nsanja ya njerwa zofiira yotchedwa Nsanja Yofiira ya Imfa. M'menemo akaidi ankaphwanya ndi kusefa miyala ya uranium popanda chotchinga pamphuno, fumbi lili kobo. Ena adafera konko, ena adatuluka mapapo atawonongeka kale. Kukumba uranium kudatha m'zaka za m'ma 1960, ndipo ulamuliro wa Chikomyunizimu udagwa mu 1989.

ZIMENE MLENDO ANGAONE LERO

Jáchymov ndi mzinda wautali koma wopapatiza, wokwera chitunda motsata chigwa. Kumunsi kuli mahotela a odwala nyamakazi ndi msana. Kumtunda kuli tchalitchi la Yoakimu ndi Anna Oyera, limene lidamangidwa pakati pa 1534 ndi 1540 ngati tchalitchi la Lutheran. Pambuyo pake lidakhala la Katolika, lidapsa mu 1873 n'kumangidwanso. Patsogolo pake pali chikumbutso cha miyala chotchedwa Njira ya Mtanda ya ku Ufulu, cholemekeza akaidi aja.

Chapafupi pali nyumba yakale yosuliramo ndalama, imene tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale. M'menemo mlendo amaona ndalama za thaler, miyala ya m'migodi ndi zipangizo za okumba. Pamwamba pa mzinda pakuoneka nsanja ya mgodi wa Svornost, umene udayamba mu 1518. Mgodiwu ukugwirabe ntchito, koma tsopano umatulutsa madzi ofunda a radon kuchokera pansi mamita ngati 500 kupita ku mahotela. Kwa amene ali ndi miyendo yolimba, pali njira ya m'nkhalango ya makilomita oposa 8 yotchedwa Jáchymovské peklo, kutanthauza Gehena wa ku Jáchymov, yodutsa m'mabwinja a misasa ndi pa masitepe otsetsereka amene akaidi ankakwera tsiku ndi tsiku. Mu 2019 bungwe la UNESCO lidaika dera la migodili, pamodzi ndi Nsanja Yofiira ija, pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Katatu konse nthaka ya chigwa chimodzi idatulutsa chuma: siliva, radium ndi uranium. Maina a Schlick, Agricola ndi Curie tikuwawerenga m'mabuku, koma a amuna amene ankatsikira pansi ndi nyali m'manja ambiri adaiwalika. Choncho, anzanga, tsiku lina mukadzagwira dola kapena kumva pa wailesi kuti yakwera mtengo, mudzakumbukire Chigwa cha Yoakimu ndi anthu amene adasiya mapapo awo m'menemo.